Amayi akuti ku Jamaica ndi kwa osuta chamba, tipite kapena tisinthe?

NaBanda wa ku Leeds:
Moni nonse pagulu pano. Ine ndi bambo a kunyumba tikukwanitsa zaka 10 tili pabanja mu September, ndiye takhala tikuika kandalama pambali kuti tikapumeko ku Jamaica masabata awiri. Nditawauza amayi ku Ntcheu pafoni anayamba akhala chete, kenako n'kunena kuti, "Mwana wanga, maiko onse ali pansi panowa mwasankha kwa anthu osuta chamba?" Kuyambira tsiku limenelo foni iliyonse nkhani ndi yomweyo. Mnzanga wa kuntchito nayenso akuti kumeneko ukangotuluka pageti la hotela waberedwa kapena kuwomberedwa. Ndalama imeneyi ndaikhetsera thukuta m'mashifiti a usiku, sindikufuna ilowe m'madzi. Amene munapondako phazi, chonde ndiuzeni zenizeni.

NaPhiri wa ku Birmingham:
Achemwali, auzeni amayi mtima ukhale m'malo. Ine ndinakwatiwa komweko, apongozi anga ali ku Mandeville, ndipo ndapitako kanayi. Ulendo woyamba nanenso ndinkayesa ndikapeza aliyense ali ndi madiredi. Tinafika Lachisanu madzulo. Loweruka m'mamawa apongozi ali go go go pachitseko kuti tisambe tipite ku tchalitchi. Kutuluka panja, msewu wonse azimayi atavala zipewa zazikulu, ana ali m'masuti, mabaibulo m'manja, ngati ndili ku Malamulo ku Thyolo tsiku la Sabata. A Seventh Day alipo ambiri zedi kumeneko, ali ndi yunivesite yawo ku Mandeville komweko, Northern Caribbean University. Lamulungu mwake ndiye a Church of God, a Baptist, a Pentekoste, a Anglican, aliyense ndi kwaya yake. Pa kalembera wa 2011, amene anati ndi Marasta anali pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse. Apongozi anga fungo la chamba safuna kulimva ngakhale pabwalo pawo.

Ras Kondwani wa ku Ndirande:
Mayi, ndi ulemu wonse, chiwerengero chimenecho chikundivuta kuchimeza. Ife kuno Jamaica tinaidziwira kwa Marasta ndi nyimbo za reggae. Mfumu Haile Selassie itatera ku Kingston pa 21 April 1966, khamu linadzaza bwalo la ndege moti inachedwa kutsika. Anthu onsewo anapita kuti? Komanso zimandiwawa kuti mukangotchula Rasta mumathamangira ku chamba, ngati chikhulupiriro chathu chonse ndi utsi basi.

NaPhiri wa ku Birmingham:
Achimwene, pa mfundo yomalizayo mwanena zoona, ndipo pepani ngati ndalankhula mokupwetekani. Marasta alipo, ndipo mawu awo anamveka dziko lonse lapansi kuposa kuchuluka kwawo. Koma kwawo komweko anadya zowawa. Mu 1963, nthawi ya Pasaka, kutachitika chipwirikiti ku Coral Gardens pafupi ndi Montego Bay, apolisi anagwira Marasta ambirimbiri, kuwamenya, kuwameta tsitsi mokakamiza, ena kuwatsekera. Boma linadzapepesa mu 2017, patatha zaka 54. Lero chithunzi cha Rasta chili pa malaya ndi makapu ogulitsa kwa alendo, koma amuna anga amati ali mwana, mnyamata akayamba kusunga tsitsi makolo ena ankamuthamangitsa pakhomo.

Ras Kondwani wa ku Ndirande:
Za Coral Gardens ndimazidziwa, timazikumbukira. Ndiye zikufanana ndi kuno. Ana athu ankabwezedwa ku sukulu za boma chifukwa cha tsitsi mpaka khothi lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti aziloledwa. Ndamva mayi. Mlongo wanga NaBanda, mukafika ku Kingston mukalowe ku 56 Hope Road, nyumba imene Bob Marley ankakhala, pano ndi malo osungirako mbiri yake. Manda ake ali ku Nine Mile, m'mapiri a St Ann. Mukatijambulire.

A Gondwe a ku Atlanta:
Tilongosole bwino za chambazi, chifukwa apa ndi pamene alendo amagwera m'mbuna. Anthu amangoti ku Jamaica n'chololedwa. Lamulo limene anasintha mu 2015 limati ukapezeka ndi chosapitirira ma aunsi awiri, magalamu ngati 56, sakutsekera koma amakulembera tikiti ya chindapusa cha madola 500 a ku Jamaica. Khomo lililonse likhoza kudzala mitengo isanu, ndipo Marasta amaloledwa kuchigwiritsa ntchito pa zachipembedzo chawo. Kusuta pagulu n'koletsedwabe, kugulitsa wopanda chiphaso ndi mlandu, ndipo kuyesa kukwera nacho ndege ndiye ndende yeniyeni.

Inu simusuta, ndikudziwa, koma apa mumvetsetse. Ife Amalawi tinazolowera kunyamulirana katundu, wina akangomva kuti ukupita kumudzi wabwera kale ndi kaphukusi ka m'bale wake. Kumeneko wina akakupemphani kuti mumutengere kaphukusi kopita kwa m'bale wake ku London, kanani, ngakhale akhale munthu amene mwacheza naye bwino sabata yonse.

Chinanso chimene ambiri sadziwa: zovala zamawangamawanga ngati za asilikali n'zoletsedwa kwa anthu wamba. Ngati bambo a kunyumba ali ndi kabudula wa mtundu umenewo, atsale ku Leeds.

Amake Tadala a ku Luton:
Ine chandigwira mtima ndi mwezi umene mwasankhawu. Mwati September? Zithunzi za m'makampani a maulendo zimaonetsa dzuwa lokhalokha, ndiye anthu timayesa kumeneko kulibe nyengo yoipa. Nyengo ya namondwe imayamba pa 1 June kufikira pa 30 November, ndipo imafika pachimake kuyambira August mpaka October. Namondwe wotchedwa Gilbert anasakaza chilumba chonse mu September 1988, akuluakulu amamutchulabe mpaka lero. Beryl anadutsa chakummwera mu July 2024 n'kusasula madenga ku St Elizabeth. Ndiye pa 28 October 2025 kunabwera Melissa, wa mphamvu yapamwamba kwambiri pa muyeso wawo, n'kugumula tauni ya Black River ndi madera ambiri akumadzulo. Amene tinali ndi abale ku Chilobwe kapena ku Phalombe pamene Freddy anabwera mu March 2023 tikudziwa kuti zimenezi si zocheza.

NaBanda wa ku Leeds:
Mayo ine! Ndiye chifukwa chake matikiti a September ndi otsika mtengo chonchi? Ine ndimayesa ndapeza mwayi.

Amake Tadala a ku Luton:
Eya, chifukwa chake n'chimenecho. Sikuti September aliyense kumagwa namondwe, ena amapita n'kubwerako osaona kanthu koma mvula ya masana. Koma mukaumirira mwezi umenewo, gulani inshuwalansi imene yalemba poyera kuti imabweza ndalama ulendo ukalephereka chifukwa cha namondwe. Kuyambira pakati pa December mpaka April ndiye nyengo youma, mitengo nayo imakwera, makamaka pa Khirisimasi. Ndipo dera lililonse limene mungasankhe, funsani kaye ngati misewu ndi mahotela ake zinabwerera mwakale chichitikireni Melissa.

Yamikani wa ku Manchester:
Pa zachitetezozi ine ndinena mosabisa. Ndinapita ku Negril masiku 10, hotela ya zonse m'kati, kudya, kumwa, zonse unalipiriratu. Sindinatuluke pageti kupatula tsiku limodzi pa basi ya hotela kupita ku mathithi a Dunn's River. Ndinasangalala, ndinapuma, ndinabwerako wamtendere. Achemwali anga amagwira ntchito usiku, akufuna kugona ndi kudya bwino. Muwapatsirenji nkhawa yoyendayenda m'dziko limene kuphana kuli pamwamba?

NaPhiri wa ku Birmingham:
A Yamikani, kuphana kulipodi, sindingabise chifukwa choti ndinakwatiwako. Kwa zaka zambiri Jamaica yakhala m'gulu la maiko amene chiwerengero cha ophedwa n'chokwera kwambiri, ndipo boma limafika polengeza malamulo a nthawi ya ngozi m'madera ena, asilikali n'kumaima m'misewu. Koma zambiri zimachitika pakati pa magulu a zigawenga m'makomboni ena a ku Kingston, Spanish Town ndi Montego Bay, ndipo eni dziko amawadziwa malowo ndi maina. Ndi ngati Johannesburg. Amalawi angati amakhala kumeneko, kupita kuntchito n'kubwerako tsiku ndi tsiku? Amadziwa poyenda ndi nthawi yoyendera.

Kupuma m'hotela si tchimo. Chimene chimandimvetsa chisoni ndi munthu kuuluka maola oposa 9 kuchoka ku London, n'kubwerako atangolankhula ndi omuperekera chakudya basi. Mahotela akuluakulu ambiri ndi a makampani akunja, ndipo mlendo akapanda kutuluka, mayi wogulitsa zipatso pamsewu ndi mnyamata wowotcha nyama saonako kakobiri. Gawani pakati. Masiku ena m'hotela, ena m'nyumba ya alendo ya eni dziko.

Zoyenera kusamala n'zomwe timachita kale ku Limbe. Usiku osayenda pansi malo osawadziwa, foni osaigwira poyerayera, takisi kukwera za nambala yofiira zokha chifukwa ndizo zovomerezeka kunyamula anthu. Kuchoka tauni ina kupita ina pali mabasi abwino a Knutsford Express. Magalimoto amayenda kumanzere ngati kwathu, koma madalaivala a kumeneko amathamanga m'makona a m'mapiri, ine sindiyerekeza kugwira chiwongolero.

Yamikani wa ku Manchester:
Ndamva achemwali. Komabe kwa munthu woyamba kupita, ndimaonabe kuti ayambire m'hotela.

A Gondwe a ku Atlanta:
Pali chinanso chimene ife a ku Africa timadzinamiza nacho. Ine ndinapita ndili ndi maganizo oti ndikangoti "ndachokera ku Africa" aliyense akandikumbatira ngati m'bale wobwerera kumudzi. Ena anaterodi. Mkulu wina wa madiredi ku Port Antonio anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kumandifunsa za kwathu mpaka dzuwa kulowa, ndipo anakana kuti ndilipire madzi a kokonati. Koma kwa ogulitsa ambiri ndinali mlendo wobwera ndi madola, mtengo n'kukhala wa mlendo. Ambiri dzina loti Malawi sanalimvepo, ena ankayesa ndikunena Mali. Poyamba zinandikhumudwitsa. Kenako ndinaganiza kuti munthuyo ali pantchito, ali ndi ana ofuna fizi, khungu langa silingamulipirire lendi. Nenererani mtengo mwaulemu ngati pamsika wa ziboliboli, mukakana kanani mukumwetulira.

Ndipo moni amaulemekeza ngati kwathu. Ukalowa m'sitolo kapena m'takisi osapereka moni, waoneka wopanda mwambo. Chingerezi amamva onse, koma akamacheza okhaokha amalankhula Patwa, ndipo masiku oyamba simutolapo kanthu. Musamawayeseze kalankhulidwe kawo kuti museketse anthu, sizimawasangalatsa.

Che Jafali wa ku Mangochi:
Ine sindinapiteko koma ndifunse nawo. Poti ndi chilumba, madzi mbali zonse, ndiye kuti munthu ukhoza kungotsika paliponse n'kusamba?

NaPhiri wa ku Birmingham:
Che Jafali, mwakhudza pachilonda. Ayi. Lamulo lawo la magombe ndi la 1956, la nthawi ya atsamunda, ndipo silipatsa munthu wamba ufulu wofika pagombe lililonse. Magombe okongola ambiri a kumpoto ali kuseri kwa mipanda ya mahotela, ena ngati Doctor's Cave ku Montego Bay umalipira pakhomo. Amuna anga anandionetsa malo amene ankasambira ali mwana, lero pali khoma ndi mlonda. Pali magulu a eni dziko amene akulimbana nazo mpaka kukhothi. Ku Portland kuli gombe la Winnifred limene anthu a m'deralo anamenyera nkhondo kuti likhalebe la aliyense, ndipo ndiko kumene ndinasangalala koposa: mabanja, ana akusewera mpira, azimayi akukazinga nsomba pansi pa mitengo.

Che Jafali wa ku Mangochi:
Ndiye n'chimodzimodzi kuno. Kuchoka pa boma kulowera ku Monkey Bay, malo ambiri a m'mbali mwa nyanja anagulidwa, mipanda mpaka m'madzi. Asodzi ena amazungulira mtunda wautali kuti akafike pamene agogo awo ankakocheza bwato, azimayi osowa pochapira. Mlendo akagona pamchenga poyera bwino sadziwa kuti panali dooko la mudzi.

NaBanda wa ku Leeds:
Zimenezi sindinaziganizepo n'komwe. Winnifred ndalemba. Nanga zakudya? Bambo a kunyumba akapanda kudya nsima masiku atatu amayamba kudandaula.

NaPhiri wa ku Birmingham:
Apa ndiye mudzasangalala, chifukwa zambiri mudzazizindikira. Tsiku loyamba apongozi anandiikira ndiwo zamasamba akuti ndi callaloo. Kulawa, bonongwe weniweni! Amangomudula mwina n'kumuphika ndi anyezi, tomato ndi nsomba ya mchere. Bammy ndi chikondamoyo chopyapyala cha chinangwa, amadyera nsomba yokazinga. Zilazi, koko, mbatata, nthochi zosapsa zowiritsa, zonsezi zimabwera m'mawa pambale imodzi. Ufa wa chimanga amaphika phala, komanso pali chimene amati turn cornmeal, cholimba pang'ono, chothira mkaka wa kokonati ndi zokometsera. Si nsima, koma bambowo chidzawatonthoza. Lamulungu ndi tsiku la mpunga wophikira limodzi ndi nyemba.

Chakudya chimene amanyadira monga cha fuko ndi ackee ndi nsomba ya mchere. Ackee ndi chipatso chochokera ku West Africa, chikaphikidwa chimaoneka ngati mazira okazinga. Koma apa tcherani khutu: chisanadzitsegukire chokha pamtengo chimakhala ndi poizoni woti n'kupha munthu. Mukauona mtengo wake wa zipatso zofiira, musathyole kuti mulawe. Siyirani eni ake.

Nyama yowotcha ya jerk mukaidye pamsewu, pamene akuwotchera pa nkhuni za pimento, ndipo kwawo kwake ndi ku Boston Bay ku Portland. Tsabola wawo wa Scotch bonnet amanunkhira ngati kambuzi koma ukali wake ndi wina, yambani pang'ono. Ndipo musayese kuti n'kotchipa. Zinthu zambiri za m'sitolo zimachokera kunja, ndipo malo a alendo mitengo amaitchula m'madola a ku America. Sinthani ndalama ina ikhale ya ku Jamaica, mudzagula bwino pamsika ndi m'matakisi.

Amake Tadala a ku Luton:
Ndionjezere za udzudzu. Malungo kulibe, koma dengue iliko, ndipo udzudzu wake umaluma masana. Mafuta othamangitsa udzudzu musaiwale. Magetsi awo ndi a 110, mapulagi a chi America.

Aphunzitsi a ku Chiradzulu:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinaphunzitsa mbiri zaka zambiri, ndiye ndiloleni ndiponyepo mawu, mwana wanga NaBanda. Mukatera ku Montego Bay, pakati pa tauni pali bwalo lotchedwa Sam Sharpe Square. Sam Sharpe anali kapolo komanso dikoni wa mpingo wa Baptist. Pa Khirisimasi ya 1831 anatsogolera akapolo kukana kugwira ntchito m'minda ya nzimbe popanda malipiro. Zinasanduka nkhondo, minda inapsa, atsamunda anapha anthu mazanamazana, ndipo iye anamupachika pabwalo lomwelo mu May 1832. Pasanathe zaka ziwiri Britain inakhazikitsa lamulo lothetsa ukapolo, ndipo ufulu wathunthu unadza pa 1 August 1838. Ife kuno tili ndi John Chilembwe wa ku Mbombwe, naye wa Baptist, amene anaukira nkhanza za m'maesiteti mu January 1915. Mbiri ya anthu awiriwa ndinkaiphunzitsa limodzi.

Kulinso a Maroon, akapolo amene anathawira m'mapiri n'kulimbana ndi asilikali a Britain mpaka kukakamiza pangano la mtendere mu 1739. Mudzi wawo wa Accompong ulipobe, ndipo amachita chikondwerero pa 6 January chaka chilichonse. Mtsogoleri wina wa a Maroon anali mayi, dzina lake Nanny, ndipo ali m'gulu la ngwazi za dzikolo. Nyumba zikuluzikulu za eni minda zimene alendo amakajambulitsako maukwati zinamangidwa ndi manja a anthu amenewa. Mukalowamo, muwakumbukire. Jamaica inalandira ufulu wodzilamulira pa 6 August 1962, ife pa 6 July 1964, kuchokera kwa mtsamunda mmodzi yemweyo.

Ras Kondwani wa ku Ndirande:
Zikomo aphunzitsi. Mawu amenewa ndi amene ndimafuna amveke.

NaBanda wa ku Leeds:
Zikomo kwambiri bambo. Ndiye malo achuluka: Montego Bay, Kingston, Portland, Mandeville. Poti ndi kachilumba, tikhoza kugona malo amodzi n'kumapita kwina kulikonse m'mawa n'kubwerako madzulo?

A Gondwe a ku Atlanta:
Pamapu n'kochepadi. Kutalika kwake ndi makilomita ngati 235, osafika mtunda wa Blantyre ndi Lilongwe, ndipo nyanja ya Malawi ikhoza kumeza Jamaica kawiri malo n'kutsalabe. Koma m'katimo ndi mapiri okhaokha. Kuchoka ku Montego Bay kupita ku Kingston ndi maola ngati atatu, ndipo zinapepukako chitsegulireni msewu waukulu wolipira wodutsa pakati mu 2016. Ku Port Antonio, tauni ya ku Portland, ndiye konzekerani theka la tsiku. Gonani malo awiri kapena atatu. Mukafuna kukwera Blue Mountains, kumene kumachokera khofi wotchuka uja, nsonga yake ndi mamita 2,256, yotsikirapo poyerekeza ndi Sapitwa, koma m'bandakucha kumazizira ngati ku Dedza mu June. Juzi ilowe m'chikwama.

Za mapepala: ine ndinalowa ndi pasipoti ya Malawi popanda viza, koma malamulo amasintha, onani pa tsamba la ofesi yawo yoona za olowa ndi otuluka musanalipire tikiti. Pali fomu yotchedwa C5 imene mumalemba pa intaneti musananyamuke. Msampha waukulu uli pa matikiti otchipa odzera ku Miami kapena New York. Ku America ngakhale mukungosintha ndege amafuna viza yawo, ndipo wopanda viza samukweza n'komwe. Tengani ndege yochoka ku UK kukatera ku Jamaica mwachindunji.

NaBanda wa ku Leeds:
Abale, mwandithandiza kuposa mmene ndimayembekezera. Takambirana ndi bambo a kunyumba usiku wathawu. Tsiku la chikumbutso chathu tidzangodya chakudya ndi ana kuno, ulendo tausunthira kumapeto kwa April. Masiku asanu tidzagona m'hotela ku Negril monga ananenera a Yamikani, kenako Kingston masiku atatu, otsalawo ku Portland. Amayi ndawawerengera zimene analemba NaPhiri za Sabata ndi bonongwe. Aseka, akuti akufuna adzaone chithunzi cha tchalitchicho ndi maso awo. NaPhiri, kodi n'zotheka kuti tidzadutse ku Mandeville tidzawaone apongozi anu? Ndipo tingawatengere chiyani?

NaPhiri wa ku Birmingham:
N'zotheka kwambiri, pochoka ku Negril kupita ku Kingston njira yakummwera imadzera pomwepo. Ndiwaimbira Lamulungu. Mukonze kuti mudzafike Lachisanu dzuwa lisanalowe, ndipo mudzatenge diresi lofika m'munsi mwa mawondo, chifukwa Loweruka sadzakusiyani m'nyumba. Zakudya zaziwisi monga kambuzi musanyamule, pabwalo la ndege adzakulandani. Atengereni chitenje ndi tiyi wa ku Thyolo. Chitenje chimene ndinawapatsa ulendo woyamba anasoketsa siketi, ndipo azimayi a kutchalitchi kwawo akhala akundifunsa china. Ndikutumizirani nambala kumbali.